Anankafumbwe m'Miyendo ya a Mphepozinayi

Padangokhala, kale lija nyama zikadazengana milandu ndi kufulula mowa ngati ife, panali mudzi wa mabanja khumi ndi awiri amene chilimwe chikafika onse ankamwa pa dziwe limodzi. Dziwelo linali laling'ono, moti ankamwa motsatana. Banja loyamba linkamwa madzi odikha, oyera mbee. Lachiwiri linkapeza atavundukako pang'ono. Pofika kwa omaliza, amene anali a banja la Mbira, m'dziwemo munkatsala phala la matope lonunkha ziboda za anzawo.

Ndandanda womwerawo unachokera pa mpikisano wa liwiro umene agogo awo aakazi anathamanga kamodzi kokha, kalekale. Gogo wa a Nswala anafika woyamba, gogo wa a Mbira womaliza. Chaka chotsatira akuluakulu atakhala pansi anati, tivutikirenji ndi thukuta pomwe yankho tili nalo kale? Make mbuu, mwana mbuu. Liwiro munthu amabadwa nalo, amaliyamwa m'bere, ndipo wofuna kuthamanganso ndiye kuti akuti agogo ake ananama.

Koma musaganize kuti mpikisanowo anauthetsa. Ankaukonda kwabasi. Chaka ndi chaka ankasesa bwalo n'kulemba mzere pansi, ndipo banja lililonse linkatumiza mnyamata wake wamphamvu kukaima pamzerepo. Mkulu wa bwalo anali a Nang'omba, chimbalame chakuda chija cha khosi lofiira, amene ankasunga pamtima mibadwo ya mudzi wonse. Iwo akaimba lipenga, othamanga ankaima chilili, osasuntha phazi. Kenaka a Nang'omba ankatchula kuti uje anabala uje, uje n'kubala uje, mpaka kufika pa amene aima pamzerewo, n'kulengeza amene wapambana. Nthungululu zinkamveka. Wopambana ankamupukuta thukuta limene panalibe ndi kumuthowa miyendo ndi madzi otentha. Otsalira ankayenera kupuma mwawefuwefu posonyeza ulemu, ndipo womaliza ankayenera kuwefuka kuposa onse. Chaka china Gwape anasuntha mwendo poingitsa ntchentche, ndipo mlandu wake wonyoza agogo unatenga masiku atatu.

Panalinso nyimbo yake. Ankaiyambitsa amayi a kwa Nswala, mawu ake onena kuti mwendo wa gogo suikidwa m'manda, umadzuka n'kumayenda mwa mdzukulu. Gulu linkavomera kuti wotsalira asade njira, akafunse amene anamuyamwitsa. Pakati pa woyambitsa ndi ovomera pankatsala kampata, ndipo m'kampatamo a Mbira ankayenera kuikamo wefuwefu wawo kawiri ngati kang'oma. Inali nyimbo yokoma, ndinene zoona, bola usakhale Mbira.

Mwini mbumba wa a Mbira masiku amenewo anali Kamtedza, kamunthu kozungulira, kamiyendo yochita kufunafuna pansi pa mimba, koma kapakamwa pokoma ndi mutu wosagona. Mlongo wake Nankhoma anali ndi ana asanu, ndipo chilimwe chilichonse anawo ankatupa mimba ndi kutsegula chifukwa cha matope. Chilimwe china anaika mmodzi. Pobwera kumanda Nankhoma anafunsa mlongo wakeyo ngati umalume wake unali wongomwera mowa pa zinkhoswe.

"Anayi atsalawa ndawapereka kwa inu, achimwene," anatero. "Chilimwe chikubwerachi muwamwetse chimene mukudziwa."

Mawu amenewo anamulasa Kamtedza. Tsono kwawoko kunali nkhani yonong'onezana yakuti gogo wawo uja tsiku la mpikisano anali ndi pakati pa miyezi yothaitha, moti anachira mawa lake. Akunja ankati ayi, anachedwa chifukwa anatuma wina kukamufunsira nthawi yoyambira, paja mbira inasowa mchira chifukwa chotumiza. Kamtedza ankakhulupirira za pakatizo. Mumtima mwake ankati a Mbira si ochedwa, anangowagwira pa tsiku loipa. Choncho anayamba kulawirira m'mamawa kukathamanga kobisika, kuti tsiku likadzafika adzaonetse anthu. Atadzimva kuti wakhwima, anapita kubwalo, nakhala pansi, naomba m'manja, napempha kuti chaka chimenecho athamange zenizeni.

"Zenizeni?" anafunsa a Nang'omba. "Nanga zimene timachita zija n'zabodza?"

"Ayi, bambo, n'zoona ndithu. Ndimati tingowonjezerako miyendo."

"Agogo anu anafika achingati?"

"Omaliza. Koma anali ndi pakati."

"Pakati pa yani?"

"Pa amayi anga."

"Ndiye kuti amayi anunso anathamanga nawo, n'kufika omaliza awiriawiri. Mwatibweretsera mboni yachiwiri. Zikomo."

Bwalo lonse linafa nako kuseka. Chifukwa chokayikira akufa, anamulamula kuti aime yekha pamzere n'kuwefuka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amayi a kwa Nswala anabwera ndi mphasa zawo kuti aimbe atakhala, ndipo nyimbo ija anaibwereza mpaka mawu anasasa, Kamtedza akudzaza kampata kake yekhayekha.

Anabwerera kunyumba kukhosi kutauma gwa. Ali m'njira anaganiza kuti ngati mpikisano sasintha, bola kusintha agogo. Banja la Njovu linali lachinayi pa ndandanda, ndipo madzi a nambala imeneyo anali omweka. A Njovu anali nkhalamba yosungulumwa imene aliyense ankaipatsa moni ali patali. Kamtedza anawatengera kadengu ka masuku, nakhala pambali pa phazi lawo, naikapo kaphazi kake, nayamba kudabwa mokweza. Anati aone zikhadabo mmene zafananira. Anayasama kuwaonetsa timano take tiwiri totalikirapo, nati imeneyo ndi minyanga, inangosowa chakudya chokwanira. A Njovu, amene chibadwire palibe anawaitanapo kuti achimwene, misozi inalengeza m'maso. Anavomera kukaikira umboni.

Kubwalo a Nang'omba anayeza zikhadabo zonse ndi bango, anagogoda timano tija ndi mlomo, kenaka anavomera kuti ubale ulipo.

"Koma ubalewu wadzera kuti," anafunsa, "kuchikazi kapena kuchimuna?"

Apa panavuta. Azimayi onse a kwa Mbira a Nang'omba ankawadziwa ndi maina, ndipo panalibe mpata woloweramo Njovu. Kamtedza anati ndi kuchimuna, panali Njovu wina amene anadzakhala chikamwini kwawo.

"Ankagona kuti?"

"Panja, bambo. M'nyumba munkalowa mchira wokha."

"Mkamwini ndi mlendo," anatero a Nang'omba. "Amasiya nkhope, amasiya zikhadabo, mwinanso mano. Koma liwiro limayenda ndi bere. Munayamwapo Njovu inu?"

"Ayi."

"Khalani pansi."

Nyimbo ija tsiku limenelo inatuluka ndi ndime yatsopano, yonena za wina amene anapita kukabwereka miyendo n'kubwerako ndi mlendo. Ndipo mlendoyo anabweradi. A Njovu anafika mawa lake kudzaona abale awo, ndipo pofuna kukhala pansi mwaulemu anakhalira nkhokwe ya Nankhoma. Nankhoma anangomupatsa mlongo wake tsache n'kulowa m'nyumba.

Akutolera zimene zinatsala, Kamtedza anapeza chimanga cha pansi penipeni pa nkhokwe, chimene anachisunga zaka zitatu osachikhudza chifukwa chinali chokongola. Kunja chinali chokongolabe. Atachigwira chinangofumbutuka ufa, anankafumbwe ali balalabalala. Anakhala pansi tsache lili m'manja n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anawolera ufa uja m'kathumba n'kukabisa.

Tsono wopambana wa zaka zonsezo anali a Mphepozinayi, mdzukulu wa gogo wa a Nswala. Chibadwire sanathamangepo, ngakhale kuyenda kumene ankachita kupempha. Liwiro linali chuma cha banja, ndipo akwawo sankafuna kuti liperepeseke. Ankawanyamula pamachira Anjiri anayi, kupita kudziwe, kupita kubwalo, ngakhale kupita kuthengo, ndipo popeza bwanayo sankafuna kudikira, Anjiriwo ankayenda chothamanga. Miyendo yawo ankaidzoza mafuta a nsatsi n'kuikulunga m'masamba a nthochi. Nsatsizo ankakathyola kutali ndi mlongo wawo Nachisale, tsiku lililonse, ndipo akachedwa kubwera ankakalipiridwa.

Kamtedza anafika kwa a Mphepozinayi chokwawa. Anati walapa, wazindikira kuti liwiro n'lobadwa nalo, ndipo popeza iye sadzakhala nalo, amulole kuti azingoligwirako podzoza mafuta. Anamulola. Masiku atatu anagwira ntchito akutamanda bondo lililonse ndi dzina lake. Tsiku lachinayi, akumasula masamba, anathiramo kaufa kaja mobisa. Kenaka anatsamiritsa khutu pa bondo n'kukhala chete.

"Wamva chiyani?" anafunsa a Mphepozinayi.

"Palibe, bwana."

"Nanga wangoti zii bwanji?"

"Ndimamvetsera ngati ali yekha kapena ali ndi ana."

Anawaonetsa ufa uja uli pa tsamba, nankafumbwe mmodzi akuyendamo. Anafotokoza mwaulemu kuti chinthu chosungidwa nthawi yaitali chimafumbwa, ndipo kuipa kwake kunja chimaoneka chabwinobwino.

"Liwiro limeneli analikolola ndi agogo anu, bwana. Mwaliyanikapo liti?"

A Mphepozinayi anali asanaliyanikepo. Nthawi yomweyo anayamba kumva tizinthu tikukukuta m'bondo lakumanzere, ndipo pofika masana tinali titasamukira kumanja. Mawa lake ufa unapezeka wochulukirapo. Kamtedza anawalangiza kuti nkhani yochititsa manyazi chonchi isatuluke, ndipo iye mwini anangouza mkazi wa Mbidzi yekha, atamulumbiritsa. Dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali ukumvetserana mawondo.

Zimene zinatsatira musazifunse. Mbidzi analumbira kuti ake akuwamva akuimba. Gwape anadzithira phulusa mpaka m'chiuno. Ena anafukiza miyendo ndi fodya, ena anagona chagada padzuwa miyendo ili m'mwamba, akazi awo akuwatembenuza. Aliyense amene anabwera kwa Kamtedza kuti amumvetsere anapezeka nawo, ndipo amene anamuuza kuti alibe ankachoka atakwiya, poganiza kuti akumunena kuti alibe liwiro. Kamtedza ankapukusa mutu n'kunena kuti dzuwa limangofika pakhungu. Chimanga chofumbwa amachipeta, ndipo mwendo njira yake yopetera ndi imodzi yokha, kuthamanga.

A Nang'omba anakana kwamtuwagalu. Anati m'mibadwo yonse imene akuisunga mulibe nankafumbwe ngakhale mmodzi. Koma a Mphepozinayi anafika kubwalo pamachira, maso atafiira ndi kusagona.

"A Nang'omba, inu muli ndi mapiko. Miyendo ikuthayi ndi yanga."

Pomaliza anagwirizana kuti suli mpikisano ayi, ndi kupeta miyendo chabe, kukagunda mlambe wa kumalire n'kubwerera, ndipo zotsatira zake siziwerengedwa. Aliyense anagwedeza mutu, koma aliyense anapita kwawo kukauza mnyamata wake kuti asawachititse manyazi.

Tsiku litafika Kamtedza anaima pamzere. Nankhoma anali pambali ndi ana anayi aja. Lipenga linalira, ndipo palibe anasuntha, chifukwa cha kuzolowera. Ena anayamba kale kuwefuka, a Nang'omba nawo anayamba kale kutchula kuti uje anabala uje. Kamtedza yekha ndiye anachoka, ndipo kwa mapazi asanu ndi awiri Mbira anatsogolera mudzi wonse. Kenaka anzake anadzidzimuka n'kubalalika. Mbidzi analowera kolakwika. Gwape anathamanga mozungulira bwalo, akufunsa aliyense kuti mlambe uli kuti.

A Mphepozinayi akwawo anawamasula masamba n'kuwaimiritsa. Anaponya mapazi khumi mawondo akuombana, mitsempha n'kukokana, n'kugwa chafufumimba akuitana Anjiri. Anjiri atamva mawu a bwana wawo anachita zimene ankachita masiku onse, ananyamula machira n'kuliyatsa, osaona ngati pali munthu. Anali asanamvepo machira akupepuka chonchi, ndipo anauluka. Patsogolo pawo panali Nachisale, amene palibe anamuuza kuti athamange. Iye anangomva lipenga n'kuganiza kuti wachedwa ndi nsatsi. Popeza nsatsizo zinali ku mlambe komweko, anakaugunda n'kubwerera dengu lili pamutu, n'kufika woyamba. Anjiri anafika achiwiri onse anayi pamodzi.

Kamtedza anathamanga ndi mtima wake wonse. Timiyendo tija tinkapalasa moti sitinkaoneka, koma anzake ankamudutsa mmodzimmodzi ngati waima. Pobwerera anamudutsa Mbidzi, amene anali atakafika kolakwika n'kubwerako. Anamudutsa Nungu, minga ikuchita phokoso. Anatsala ndi chiyembekezo chimodzi, a Mphepozinayi. Koma bwanayo, atalira mokwanira, anali atadzuka n'kuyamba kudzandira, ndipo kudzandira kwa Nswala kumodzi ndi mapazi makumi awiri a Mbira. Mzere uli pafupi anamulumpha pamutu, akubuula, n'kukagwera kutsidya. Kamtedza anafika womaliza.

Zinamupweteka kwambiri. Miyezi yonse ija yolawirira inapita pachabe, ndipo nkhani ya pakati pa gogo imene inamutonthoza kuyambira ali mwana inafera pomwepo. Anagona m'fumbi akuyang'ana timiyendo take, ndipo anavomera mumtima kuti ndi tatifupi basi. Nankhoma anadziphimba kumaso ndi nsalu. Amayi a kwa Nswala anayesa kuyambitsa nyimbo ija, koma ovomera onse anali akusowa mpweya, moti chimene chinamveka bwino ndi kampata kokha. Tsiku limenelo wefuwefu wa Kamtedza anali weniweni, ndipo analowa m'malo mwake ndendende.

Pabwalo panabuka mkangano. Anjiri anati kuyambira lero azimwa achiwiri. Mbidzi anati abwereze chifukwa sanamuuze njira. A kwa Nswala anati iwo ndi oyambabe, koma anayamba kukangana okhaokha kuti machira akwere ndani. A Nang'omba nthenga zinawafota. Mibadwo yonse ija imene anaisunga zaka makumi anayi inasanduka nthano tsiku limodzi. Anamwazamwaza maso kufuna pogwira, ndipo anaona Kamtedza ali gone m'fumbi.

"Onani uyu," anatero. "Gogo womaliza, mdzukulu womaliza. Mukuti ndimanama? Onani uyu."

Anabwereza mawu amenewo katatu, ndipo kachitatuko Kamtedza anatukula mutu. Anaona mmene nkhalambayo inamugwiririra ngati munthu wokokoloka wogwira bango, ndipo mutu wake wosagona uja unayambanso ntchito. Anadzuka, nadzisasa fumbi, napempha kuyankhula. Anati nankafumbwe sathawa ndi kupeta kwa tsiku limodzi, amabwerera ndi abale ake. Mankhwala ake ndi kupeta m'mawa uliwonse, banja lonse, ndipo kumwa kuzitsata mmene afikira pobwera ku mlambe. Banja lililonse linali likudziona kuti laberedwa tsiku limenelo, choncho onse anavomera, aliyense akudziwa kuti mawa ndi lake.

"Ndipo ife a Mbira tizikhala oyamba kufika pamzere," anapitiriza Kamtedza. "Lero Nungu ndinatsala pang'ono kumugwira. Mawa kapena mkuja ndimudutsa ndithu."

Linali bodza, Nungu anamusiya kutali. Koma a Nang'omba khosi linafiiriratu. Anaona kuti Mbira akadzangodutsa Nungu ngakhale kamodzi, umboni wawo womaliza watha.

"Inu ayi."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"M'miyendo yanu mulibe chimene nankafumbwe angadye. Nkhokwe yopanda kanthu saipeta."

Kamtedza anadziponya pansi. Anagubuduka, anawagwira mapazi, anapempha kuti alole ngakhale ana okha. Mmene ankaliramo ndi mmenenso a Nang'omba ankaumiramo mtima, mpaka anagamula kuti a Mbira asadzathamangenso, iwo ndi zidzukulu zawo. Azikakhala padziwe kudikira anzawo, n'kumwa pomaliza monga mwa nthawi zonse. Ndipo kuti pasakhale chinyengo, iwo eni a Nang'omba azikakhala ku mlambe m'mawa uliwonse kuona kuti aliyense waugunda.

Pobwerera kunyumba Nankhoma anamuuza mlongo wake kuti kale anali omaliza chabe, tsopano wawasandutsa omaliza osatha, ndipo akanadziwa akanapereka ana ake kwa a Njovu. Kamtedza anamusiya kuti amalize.

"Chemwali, mawa anawa muwadzutse m'mamawa. Mutengenso mitsuko iwiri. Tikadikire anzathu monga atilamulira."

M'mawa lipenga linalira, mudzi wonse n'kuliyatsa kulowera ku mlambe, amuna, akazi, nkhalamba ndi ndodo zawo, a Nang'omba ali patsogolo. Fumbi litatsika, padziwe panatsala a Mbira okha. Madzi anali atadikha, oyera mpaka pansi. Mwana wamng'ono wa Nankhoma anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo, nati amenewo si madzi chifukwa alibe mtundu. Nankhoma anayang'ana madziwo, nayang'ana njira yopanda munthu, nayang'ana mlongo wake, ndipo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anakumbukira mwana wake amene sanawaone madzi oterowo, ndipo analira. Atatha kulira anawamwetsa anayi aja mmodzimmodzi, natunga mitsuko yake n'kukaibisa. Kenaka onse anakhala pamzere, mitu ili pansi, nkhope zachisoni.

Othamanga anabwera ngati ng'ombe zothyola khola. Nachisale anafika woyamba, koma asanaike mlomo Anjiri anali atalowa kale ndi mawondo, Mbidzi pambuyo pawo, Njovu pamwamba pa onse. Munthu waludzu sawerenga manambala. Tsiku limenelo woyamba ndi wachiwiri ndi wakhumi onse anamwa matope amodzimodzi, akukankhana ndi kutukwanana za mawa. Atatha, a Mbira anasendera mwaulemu, nagunditsa milomo pa phala lija, nathokoza.

Zinapita choncho chilimwe chonse. Mudzi unaphunziradi kuthamanga, zimenezo ndisabise. A Mphepozinayi mimba inaphwa ndipo anayamba kufika achitatu, Nungu anakhalabe wakumapeto ngakhale ankalimbikira kuposa onse. Koma onse ankayenda atagwira pamimba, ndipo pakati pa liwiro ambiri ankapatukira kuthengo. Ana a Nankhoma okha ndiwo ankasalala, anayi onse, ubweya uli phuliphuli.

Tsiku lina mvula ili pafupi, a Nang'omba pobwera ku mlambe anaima patsogolo pa anawo n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana dziwe, nayang'ananso ana.

"Ana awa amamwa chiyani?"

"Matope, bambo, monga mukuonera."

"Omwe tikumwa ifewa?"

"Otsala kwa inu, bambo."

A Nang'omba anagogoda kamimba ka wamng'ono uja ndi mlomo, namvetsera, napendeketsa mutu. Kenaka nkhalambayo inaitana mudzi wonse kuti ubwere udzaone, ndipo nkhope yake inawala ngati ya munthu amene wapeza mbuzi yake yotayika.

"Ndimadziwa ine," anatero. "Gogo wawo uja miyendo analibe, koma mimba anali nayo yolimba. Izi n'zakumtundu."

Kamtedza anaomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti odziwa ndi iwowo.

Yanga yathera pamenepo. Mbatata ija ngati yapserera musayang'ane ine, amene mumayenera kuiphula ndinu.